Sitima za mu mzinda ndi ulendo wa anchito a ku Kalikiliki

Munthu wokhala m'komboni ya Kalikiliki, kum'mawa kwa Lusaka pafupi ndi Mtendere, amene agwila nchito m'mafakitale a ku Chinika, amadutsa mzinda wonse m'mawa uliwonse. Ambili amakwela minibasi kufika m'tauni, kenaka n'kukwelanso ina kapena kumaliza ulendo wapansi. Gawo lalikulu la malipilo ao limathela pa mseu.

Lusaka inakhalapo ndi sitima yonyamula anthu mkati mwa mzinda. M'zaka za m'ma 1990, sitima ya Njanji Commuter inali kuyenda pakati pa Chilenje ndi George. Inaleka kuyenda caka ca 2000 cisanafike, ndipo m'malo ena anthu anamanga pamene panali kupita njanji. Kampani ya mabasi ya boma ya UBZ nayo inatsekedwa m'zaka zomwezo, motelo nchito yonyamula anthu inatsalila maminibasi. Ngakhale pamene inali kuyenda, sitimayo sinali kufika ku Kalikiliki.

M'cigawo ca Upper Silesia ku Poland, dela la migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo, zinthu zinayenda mosiyana. Mizinda ya Katowice, Bytom, Chorzów, Zabrze, Sosnowiec ndi ina ndi yolumikizana ndi sitima zing'onozing'ono za magetsi, zoyenda pa njanji zoyalidwa m'miseu. Zinayamba mu 1894 zikuyendela nthunzi, ndipo magetsi anabwela mu 1898. Wanchito angakhale mu mzinda wina n'kumagwila nchito mu wina. Muno mu Africa, mzinda wa Addis Ababa unatsegula njanji yake ya magetsi mu 2015.

Sitima imodzi yotele imanyamula anthu amene angadzaze maminibasi angapo, ndipo ikapatsidwa njila yakeyake siima pa mzele wa magalimoto.

Koma zopinga n'zazikulu. Kuyala njanji kumafuna ndalama zambili, ndiponso magetsi osazimazima. Cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo mzinda unali kukhala maola ambili opanda magetsi. Mu Kalikiliki momwe, nyumba n'zothithikana ndipo njila n'zopapatiza, cakuti njanji singapite popanda kugwetsa nyumba ndi kulipila eni ake. Ndalama zocepetsela kuculuka kwa magalimoto zinapita ku miseu ndi milatho ya ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres.