Kuwonjezera chipinda pa nyumba: za mphepo ndi kutentha

Funso: Ndi chipinda chimodzi chokha. Mpaka kukapereka pulani ku khonsolo?

Yankho: Inde. M'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna chilolezo musanamange, ngakhale mukungowonjezera. Ine ndimagwirizana nalo, chifukwa chipinda chowonjezera kawirikawiri chimamangidwa ndi ndalama zongotolatola, mmisiri wina, popanda woyang'anira. Mvula yoyamba ikabwera ndi chimphepo, chimayamba kusasuka ndi chomwecho.

Funso: Kodi mphepo imasasula bwanji denga lokhomedwa ndi misomali?

Yankho: Ambiri amaganiza kuti mphepo imangokankha. Ikamadutsa pamwamba pa malata imawakokera m'mwamba, makamaka m'makona, m'mphepete ndi pakhonde pamene denga latulukira kunja kwa khoma. Liwiro la mphepoyo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Ndiye chitseko kapena zenera likatseguka mbali imene ikuchokera, mpweya umadzaza m'nyumba n'kumakankhanso denga kuchokera pansi. Pamenepo msomali wokha sungalimbe.

Ku Florida, m'dziko la America, namondwe Andrew atawononga nyumba zambirimbiri mu 1992, akatswiri anapeza madenga ochuluka okhomedwa mwachisawawa. Malamulo atsopano a zomangamanga a dera lonselo anayamba kugwira ntchito mu 2002, ndipo amalimbikira kuti denga limangiriridwe ku khoma, khoma ku maziko. Ifenso taona namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023. Mfundoyi si yachilendo kwa ife.

Funso: Nanga mmisiri ndimuuze chiyani?

Yankho: Athire ring beam kuzungulira chipinda chonse, osangoika lintala pamwamba pa zenera. Simenti isanaume, amizemo waya wokhuthala kapena hoop iron, kuti thabwa lililonse lonyamula denga likulungidwe ndi kumangidwa zolimba. Mukakwera pa makwerero n'kugwedeza thabwalo ndi dzanja, lisasunthe. M'mphepete ndi m'makona misomali ikhale yothithikana kuposa pakati. Pogula malata kumbukirani kuti geji 28 ndi yokhuthala kuposa 32. Opyapyala amang'ambika pamutu pa msomali. Kusanjika miyala ndi matayala pamwamba pa denga ndi chizindikiro chakuti pansi pake sipanamangidwe.

Funso: Pamene khoma latsopano likukumana ndi lakale pamachitika zotani?

Yankho: Apa ndi pamene ambiri amanamizidwa ndi pulasitala. Makoma awiri ongogundana amasiyana maziko atsopano akamakhazikika, mng'alu n'kutsika kuchokera kudenga. Mmisiri agobe khoma lakale kuti njerwa zilumane, kapena alowetsemo zitsulo pakadutsa mizere ingapo iliyonse. Pamene madenga akumana payikidwe lata lopinda lotchinga madzi.

Funso: Zotchinga kutentha si za mayiko a chisanu?

Yankho: Funsani wogona pansi pa malata opanda siling'i ku Nsanje mu Okutobala, kapena ku Dedza mwera ukamawomba mu Juni. Ku South Africa, kuyambira mu 2011, muyezo wa SANS 10400-XA umafuna kuti nyumba zatsopano ndi zowonjezera zikhale ndi zotchingira kudenga molingana ndi nyengo ya dera. Amene akumanga ku Johannesburg sangauzembe. Kwathu kuno, siling'i yokha imasintha zambiri. Pepala lonyezimira loyala pansi pa malata limabweza kutentha, koma pokhapokha mbali yonyezimirayo itasiyidwira mpata wa mpweya. Likapanikizika mbali zonse, ndalama zapita pachabe. Malata owala amatentha pang'ono kuposa akuda. Pakati pa siling'i ndi denga siyani timabowo topumira, totchinga ndi sefa kuti mileme isalowe, koma musasiye mpata waukulu pamwamba pa khoma woti chimphepo chilowerepo.