Achinyamata osowa pokhala ndi njira yopezera podziimira: nkhani ya ku Mvera

Dera la Mvera, lomwe lili m'mapiri a boma la Dowa, limadziwika chifukwa cha mishoni imene abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula m'dziko la Mfumu Chiwere m'chaka cha 1889, koma msewu wa Salima umene umadutsa m'derali ndi womwenso achinyamata ena amatsata polowera ku Lilongwe, kumene amakagona m'makhonde a masitolo n'kumakhalira maganyu kapena kupemphetsa.

Pa mwambo wa Achewa, ukulu sufika mwadzidzidzi. Mnyamata akasinkhuka amachoka m'nyumba ya makolo n'kukagona kumphala, yomwe ndi nyumba ya anyamata osakwatira, ndipo munda amaupeza kumtundu wa mayi ake moyang'aniridwa ndi mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala malume wake, kapena kumudzi kwa mkazi wake akakalowa chikamwini. Mwana wamasiye amene anathawa nkhanza, kapenanso amene anakulira m'minda ya fodya makolo ake ali matenanti, amataya njira yonseyi, pakuti kumudzi kwa mayi ake samudziwa ndipo palibe womulankhulira pogawana malo.

Malamulo asintha ndithu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana. Chaka chomwecho bwalo lalikulu la milandu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, linathetsa gawo lina la lamulo limene apolisi ankamangira anthu pa mlandu wa vakabu, kutanthauza kupezeka pamsewu popanda chifukwa chowakhutiritsa. Komabe chitetezo cha ana chimathera pa zaka 18, pomwe wachinyamata wokulira mumsewu amakhala asanagwire chilichonse chomudyetsa.

Mabungwe monga Chisomo Children's Club ndi Tikondane amafufuza abale a ana otere n'kuwabwezera kwawo, ntchito yoyamikika, koma yomwe siipita patali ikathera pa ndalama ya basi, chifukwa wobwerera kunjala imene anaithawa sachedwa kubwereranso mumzinda. Chimene chimamukhazika ndi kukhala pansi ndi mwinimbumba pamodzi ndi nyakwawa mpaka munda utalozedwa, kumulembetsa chiphaso cha unzika, chimene munthu amalandira akakwanitsa zaka 16 ndipo popanda icho kulembetsa nambala ya foni kapena kutsegula akaunti kubanki n'kovuta, kenako kumupezera luso. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ukalipentala, utelala ndi zomangamanga, ngakhale kuti m'masukulu ambiri a ntchito zamanja mumafunika satifiketi imene mwana wosiyira sukulu ku pulayimale alibe. Kwa iyeyu khomo lotseguka ndi kuphunzira pa mmisiri wa pamsika, ndipo pomaliza pafunika womugulira sowo, pulena kapena makina osokera, poti mmisiri womuphunzitsayo sagawa zida zake.