Bokosi lonyezimira ndi dothi la m'manja

Mlamu wanga wogulitsa matabwa atamva kuti ndatha masabata atatu ndikuonera sewero la pa kanema la banja lokonza mitembo, anandiyang'ana ngati ndayamba kutamba. "Alamu, masewero onsewa inu mwasankha la maliro?"

Seweroli ndi Six Feet Under. Analiyambitsa ndi Alan Ball ndipo linkaonetsedwa pa HBO ku Amereka kuyambira 2001 mpaka 2005, magawo onse pamodzi 63. Dzinalo likunena za kuya kwa manda. Nkhani yake ndi ya banja la Fisher la ku Los Angeles, lomwe limadya ndi kugona m'zipinda zapamwamba pomwe pansi pa nyumba yomweyo mitembo ya eni ikudikira kusambitsidwa. M'gawo loyamba lenileni, bambo wa pakhomopo, Nathaniel, akufa basi itaomba galimoto yake yatsopano yonyamulira maliro, mawa lake kuli Khirisimasi. Bizinesi ikutsalira ana ake aamuna awiri: David amene anakulira m'ntchitoyo, ndi Nate amene anaithawa n'kukakhala ku Seattle. Pafupifupi gawo lililonse limayamba ndi imfa ya munthu, ndipo kwa a Fisher munthu ameneyo ndi kasitomala.

Pomwe panandigwira mtima ndi pa manda a Nathaniel. Anamfedwa akupatsidwa kachitini konga kothirira mchere kuti awaze dothi pa bokosi, ati manja asade. Nate akukana, akutapa dothi ndi manja n'kuponya m'dzenje, ndipo mayi ake, Ruth, nawo akutapa lawo uku akulira mokweza, David ali manyazi bii. Ine ndinapukusa mutu. Chimene David anachiona ngati chipongwe, kwathu kuno ndiye maliro amene: adzukulu akumba, achibale aponya dothi, amayi achezera kulira pasiwa.

Komatu tisafulumire kudzitama, abale anzanga. Amene munalipo m'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta, mukukumbukira momwe malo okhomera mabokosi anachulukira m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, akalipentala ena atasiya mipando. Sindikuwanena ayi, nanga ana awo akanadya chiyani? Koma pa maliro a malume ndinapita pamalo ena kukagula bokosi, ndipo mwini wake ataona maso anga ali psuu, anandikokera ku lonyezimira la zogwirira zooneka ngati golide, nati munthu wamkulu sagona m'matabwa wamba. Ine amene ndimanenerera mulu wa tomato mpaka wogulitsa kutopa nane, ndinapereka ndalama osatsegula pakamwa. Ngongole yake inandidya miyezi 7.

Seweroli limazidziwa bwino zimenezi. Muli kampani yaikulu yopeka, Kroehner, yomwe ikufuna kumeza mabizinesi ang'onoang'ono a maliro, ndipo a Fisher akulimbana nayo. Chikhalirecho nawonso ali ndi mabokosi oti agulitse ndi ngongole zoti abweze. Alan Ball sanawasandutse afisi, sanawasandutsenso angelo. Federico, mnyamata wokonza nkhope zophwanyika pa ngozi, amanyadira luso lake ngati telala wa masuti, ndipo mayi akaona mwana wake akuoneka ngati wangogona, umavomereza kuti ntchitoyi ndi yofunika. Nanga inu amalonda anzanga, kasitomala amene chisoni chamutseka pakamwa mumamutchulira mtengo uti?

Chakumapeto kwa seweroli, mu 2005, Nate naye akufa. Iye anali atanena kale kuti asadzamubaye mankhwala kapena kumuika m'bokosi, angomukulunga m'nsalu n'kumuika m'nthaka, ndipo abale ake akumukwirira okha. Mwana wa mwini bizinesi ya maliro! Ndinamufotokozera mlamu uja, n'kumukumbutsa kuti azigogo athu ankaikidwa m'mphasa ndipo Asilamu mpaka lero amakulunga m'nsanda. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Aliyense akatero, ife a matabwa tidzagulitsa kwa yani?"