PHIRI LA MULUNGU WANGONGOLE

Kumwera kwa dziko la India, m'chigawo cha Andhra Pradesh, pa mtunda wa makilomita opitirira 130 kuchokera mu mzinda wa Chennai, kuli tauni yotchedwa Tirupati. Kumtunda kwa tauniyi kwandanda mapiri asanu ndi aŵiri, amene Ahindu amati ndi mitu isanu ndi iŵiri ya Adisesha, njoka yaikulu imene mulungu wawo Vishnu amagonapo. Pa limodzi la mapiriŵa, lotchedwa Venkatadri, pamene patalika mamita 853 kuchokera pamwamba pa nyanja, pali kachisi wa ku Tirumala, nyumba ya Venkateswara, amene ndi Vishnu yemweyo m'dzina lina.

Tsiku lililonse anthu a pakati pa 60,000 ndi 80,000 amakwera kukapembedza m'kachisiyu, ndipo pa masiku a zikondwerero chiŵerengero chawo chimapyola 100,000. Ambiri mwa iwo amayenda ulendo wa masiku, nadikira pa mzere usana ndi usiku, kuti akaone chifaniziro cha mwala wakuda kwa kanthaŵi kosakwana ngakhale mphindi imodzi. Wofuna kumvetsa chimene chimaŵakoka anthu ameneŵa ayenera kuyamba wamva nkhani ya ngongole, pakuti pa phiri limeneli mulungu ndi opembedza ake onse ndi angongole.

Nthano ya Ahindu imati kalekale Vishnu anayambana ndi mkazi wake Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, ndipo Lakshmi anachoka kumwamba ali wokwiya. Vishnu anatsikira pansi pano kudzamfunafuna, natenga dzina lakuti Srinivasa, nakhala m'chulu pa mapiri a Tirumala monga munthu wosauka. Patapita nthaŵi anakonda Padmavati, mwana wamkazi wa mfumu Akasa Raja. Koma mwana wa mfumu sakwatidwa chimanjamanja. Tsono Srinivasa anapita kwa Kubera, msungichuma wa milungu, nakongola chuma chambiri cha ukwati, ndipo aŵiriwo anapangana kuti iye adzakhala akupereka chiongoladzanja kufikira kutha kwa nyengo ino ya dziko, imene Ahindu amaitcha Kali Yuga. Nyengoyi akuti ndi ya zaka 432,000, ndipo zimene zapitapo zangopyola pang'ono 5,000. Motero ngongole ikadalipo, ndipo aliyense woponya ndalama m'chosonkhera cha m'kachisi amati akuthandiza mulungu wake kubweza. Anthu olankhula chinenero cha Telugu amamutcha mwachikondi Vaddi Kasula Vadu, ndiko kuti mwini ndalama za chiongoladzanja.

Nawo opembedza ali ndi ngongole zawo. Mwana akadwala mwakayakaya, mayi akakhala zaka zambiri wosaona mwana, mnyamata akayandikira mayeso, kapena mbewu zikamafota m'munda, banja limaŵinda kwa Venkateswara kuti akaŵamvera adzakwera phiri. Ena amamanga ndalama yachitsulo m'kansalu kachikasu, nakasunga m'nyumba monga chikumbutso cha lonjezo lawo. Kansaluko kangathe kukhala zaka, koma mwini wake sapeza mtendere mpaka atakatula yekha ku Tirumala. Choncho ochuluka mwa okwera phirilo sapita kukapempha, koma kukabweza.

Kachisiyu ndi wakale kwambiri. Alakatuli achitamil otchedwa Alvar, amene anakhalako zaka zoposa 1,100 zapitazo, anali akuimba kale za phirili, nalitcha Vengadam. Zolembedwa pa makoma a kachisi zimasimba kuti m'chaka cha 966 mfumukazi Samavai wa m'banja lachifumu la Pallava anapereka minda, miyala ya mtengo wapatali ndi chifaniziro chasiliva cha mulunguyo. Mphunzitsi wamkulu Ramanuja, wa m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100, ndiye analongosola miyambo ya kapembedzedwe imene ansembe akutsatabe mpaka lero. Krishnadevaraya, amene analamulira ufumu wa Vijayanagara kuyambira 1509 mpaka 1529, anafika pamenepa kasanu ndi kaŵiri, napereka golide wokutira nsanja ya pamwamba pa chipinda chopatulika. Chifaniziro chake, ataimirira pakati pa akazi ake aŵiri manja ali pamodzi, chikadali pafupi ndi chipata. Panalinso woimba Annamacharya, amene anabadwa mu 1408 namwalira mu 1503. Nyimbo zake zoposa 12,000 zinasungika chifukwa zinazokotedwa pa mapale amkuŵa ndi kutsekeredwa m'kachipinda ka m'kachisimo.

Pamene Angerezi a East India Company anatenga dera limeneli mu 1801, anayamba kutolera okha zopereka za m'kachisi monga msonkho, kufikira mu 1843 pamene anatula udindowo m'manja mwa akuluakulu a chipembedzo a Hathiramji Mutt. Kuyambira 1933 kachisiyu wakhala akuyendetsedwa ndi bungwe la Tirumala Tirupati Devasthanams, limene atsogoleri ake amasankhidwa ndi boma la chigawo.

Masiku ano munthu angathe kukwera phirili pa basi, popeza msewu woyamba unatsegulidwa mu 1944 ndipo wachiŵiri mu 1974. Wina ndi wokwerera, wina wotsikira. Komabe anthu zikwizikwi amasankha kuyenda pansi monga ankachitira makolo awo. Njira yodziŵika kwambiri imayambira pa Alipiri, patsinde pa phiri, ndipo ili ndi makwerero 3,550. Pamenepo wapaulendo amasiya katundu wake kwa antchito a kachisi, amene amakamtula pamwamba kwaulere, ndipo ambiri amavula nsapato, pakuti kwa iwo phiri lonse ndi loyera. Nyama, moŵa ndi fodya siziloledwa kukwera nawo.

Makwerero 2,000 oyambirira ndi otsetsereka kwambiri, kotero kuti pofika pa chipata chachitali cha Gali Gopuram miyendo imakhala ikunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Kuchokera pamenepo njira imayenda mosavuta pakati pa nkhalango, kenaka n'kudzaimiriranso pa chitunda chotsiriza chotchedwa Mokalla Parvatam, ndiko kuti phiri la maondo. Mwambo umati Ramanuja anakwera ndi maondo chifukwa choopa kuponda malo oyera ndi mapazi, ndipo mpaka lero alipo ena amene amakwera chigawo chimenechi chokwaŵa. Munthu wamphamvu amatha ulendo wonse m'maola atatu kapena anayi. Koma alipo amayi amene anaŵinda kupaka ufa wa chikasu ndi ufa wofiira pa khwerero lililonse. Otereŵa amaŵerama ka 3,550, ndipo dzuŵa limaŵatulukira ndi kuŵaloŵera ali panjira. Wina akalefuka, anzake amafuula dzina lakuti Govinda, limene ndi dzina linanso la mulunguyo, ndipo mfuwo umayenda kuchokera kwa a kutsogolo kufikira a kumbuyo, ngakhale sadziŵana.

Njirayi ili ndi zoopsa zake, chifukwa imadutsa m'nkhalango ya Seshachalam mmene muli zilombo. Mu Ogasiti 2023 nyalugwe anagwira ndi kupha kamtsikana ka zaka 6 kamene kanali kukwera ndi makolo ake madzulo. Zitachitika izi akuluakulu a kachisi anatchera misampha, nagwira anyalugwe angapo, nayamba kupatsa apaulendo ndodo ndi kuŵayendetsa m'magulu. Anthu ambiri anadandaula kuti ndodo si chida chokwanira pamaso pa nyalugwe, koma makwererowo sanasoŵe oyendapo.

Atafika pamwamba, ambiri amayamba apita ku nyumba yometera yotchedwa Kalyanakatta. Mmenemo ometa mazanamazana, amuna ndi akazi, amakhala pansi m'mizere usana ndi usiku. Wopembedza amalandira lumo latsopano, nakhala pansi moyang'anana ndi wometa, naŵeramitsa mutu. Pakangopita mphindi zoŵerengeka mutu uli mbee. Sapereka kanthu pa kumetedwako. Amuna, ana, ngakhale amayi amene tsitsi lawo linafika m'chiuno atalisamala kuyambira utsikana wawo, onse amatuluka ndi mpala. Nthano imati Srinivasa akadali m'chulu muja, mbusa wina anamtema pamutu ndi nkhwangwa, ndipo pabalapo sipanamerenso tsitsi. Mwana wamkazi wa mfumu, dzina lake Neela Devi, ataona zimenezo anadula tsitsi lake naphimba nalo chipseracho. Srinivasa analonjeza kuti tsitsi la onse odzamuona lidzakhala la mtsikanayo. Apanso nkhani ndi ya kubweza. Aphunzitsi a chipembedzochi amaonjezera kuti tsitsi ndilo ulemerero wa munthu, ndipo wolisiya wasiya kudzikuza kwake pakhomo. Pakati pa anthu a mpala n'kovuta kuzindikira mwini sitolo ndi wantchito wake.

Tsitsi lometedwalo silitayidwa. Antchito amalitola, naliyanika, nalisankha monga mwa utali ndi mtundu wake, ndipo limagulitsidwa pa okushoni kwa amalonda amene amapanga nalo mawigi ndi tsitsi loonjezera lotumizidwa ku maiko akutali. Motero chimene mayi wa kumudzi anapereka ndi misozi chingathe kukavalidwa ndi munthu wa ku London kapena New York amene sanamvepo dzina la Tirumala.

Akameta, opembedza amasamba pa dziŵe loyera la Swami Pushkarini, nayamba akapereka ulemu m'kachisi wamng'ono wa Varaha, chifukwa mwambo umati Varaha ndiye mwini malo amene anapatsa Srinivasa pokhala. Pamenepo ndiye kudikira kumayamba. Anthu amaloŵetsedwa m'zipinda zazikulu zotsatizana, chilichonse chotenga anthu mazana angapo, ndipo zitseko zimatsekedwa kufikira a kutsogolo atasuntha. Mmenemo amapatsidwa mkaka, madzi ndi chakudya kwaulere. Pa masiku a anthu ochuluka munthu angathe kukhalamo maola 24, ana ali kulira, okalamba ali kuodzera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa Tirumala mwambiwu umaoneka ndi maso.

Pomaliza mzere umapanikizana, nudutsa pa chipata chasiliva ndi khomo lagolide, nuloŵa m'kanjira ka mdima. Kutsogolo, m'kuŵala kwa nyale za mafuta, kwaima Venkateswara, wamtali kuposa munthu, wokutidwa ndi maluŵa ndi golide. Pamphumi pake pali chizindikiro choyera chachikulu chimene chimaphimba mbali ya maso ake. Dzanja lake lamanja laloza kumapazi ake, ndipo okhulupirira amati tanthauzo lake n'lakuti pothaŵira pali pamenepo. Kuonana kumeneku amakutcha darshan, ndipo Ahindu amati si munthu yekha amene amaona, koma mulungunso amamuona munthuyo. Mapemphero amene wapaulendo anakonza panjira kaŵirikaŵiri amaiŵalika, chifukwa asanatsegule pakamwa alonda amakhala atamgwira kale paphewa kuti apatse malo ena.

Kunja kwa chipindacho kuli hundi, chotengera chachikulu chokutidwa ndi nsalu yoyera, mmene aliyense amaponyamo chopereka chake popanda womlemba dzina. Mmenemo mumagwa kansalu kachikasu kaja, mitolo ya ndalama ya anthu olemera, mphete ndi ndolo. Alipo amayi amene anaŵinda kuvula zokongoletsa zonse zimene avala tsikulo, naziponyamo osasiyako ndi chimodzi chomwe. M'chaka cha 2023 chokha hundi inalandira ndalama pafupifupi marupi mabiliyoni 14, ndipo mu Novembala 2022 bungwe loyendetsa kachisi linalengeza kuti lili ndi golide woposa matani 10 wosungidwa m'mabanki. Mulungu wangongoleyu ndi mmodzi mwa olemera kwambiri pa dziko lapansi.

Chumachi chimabwerera kwa anthu m'njira zambiri. Kuyambira 1985 aliyense wofika pa phirili amadya kwaulere, ndipo bungweli limayendetsa zipatala, masukulu ndi makoleji m'tauni ya Tirupati. Komabe chuma ndi unyinji zimabala mafunso oŵaŵa. Pali matikiti ogula amene amafupikitsa kudikira, ndipo pali nthaŵi yapadera imene akuluakulu a ndale ndi anthu otchuka amaloŵa mzere wa anthu wamba utaimitsidwa. Kufanana kumene lumo linabweretsa ku Kalyanakatta kumachepa pakhomo pa kachisi. Ndipo pamene anthu achuluka kupyola malo, ngozi siikhala kutali. Pa 8 Januwale 2025, m'tauni ya Tirupati, khamu limene linali kulimbirana zitupa zoloŵera pa chikondwerero cha Vaikuntha Ekadashi linapondana, ndipo anthu 6 anafa, ena ambiri navulala. Ameneŵa anali anthu wamba ofuna zitupa zaulere, ndipo anafera patsinde pa phiri limene anadzera.

Wotsika ku Tirumala amazindikirika ndi zinthu ziŵiri: mutu wa mpala wopakidwa mankhwala achikasu oziziritsa, ndi kathumba ka laddu, chakudya chozuna choumbidwa ngati mpira kuchokera ku ufa wa tchana, shuga, mtedza ndi mafuta a mkaka wa ng'ombe. Khitchini ya kachisi imaumba pafupifupi 300,000 tsiku lililonse, ndipo kuyambira 2009 lamulo la India silola wina aliyense kugulitsa zake m'dzina la Tirupati. Akafika kwawo, wapaulendo amanyema laddu uja, nagaŵira achibale ndi anansi amene sanathe kupita, aliyense kachidutswa kake. Ngongole yake yatha, ndipo mtima wake wakhala pansi. Koma tsitsi limameranso, ana amakula ndi mavuto awo, ndipo sipapita zaka zambiri m'nyumbamo musanamangidwenso ndalama ina m'kansalu kachikasu.