Ndani Wakhala Pati? Njira Yomasulira Mafunso a Anthu Okhala pa Mzere



Makolo ambiri a ku Nyasaland anafika m'cigawo ca Midlands ku Zimbabwe kudzakumba chrome ku Selukwe, kumene tsopano ndi Shurugwi, asbestos ku Shabani, kumene tsopano ndi Zvishavane, ndi golide pa mgodi wa Globe and Phoenix ku Kwekwe. Iwo polembedwa nchito anayang'anidwa cifuwa ndi mphamvu za manja. Adzukulu ao akafuna nchito kapena malo a maphunziro, kawirikawiri apatsidwa pepala la mayeso a nzeru, ndipo mwa mafunso ace mumakhala ena a anthu okhala pa mzere. Ambiri alephera mafunso otere cifukwa cothamangira kulota yankho. Tsono tiyeni tione njira yace.

Tengani pepala ndi pensulo. Tiyerekeze kuti amuna asanu, a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe ndi a Nkhoma, aweruka ku mgodi, nakhala pa mpando umodzi wautali. Ife taima kumbuyo kwao, motero dzanja lao lamanja ndilo lathunso lamanja. Tauzidwa mau anai. Oyamba: a Mwale sali kumapeto. Aciwiri: a Phiri akhala kumanja kwa a Nkhoma, mogundana nao. Acitatu: a Banda ali pakati penipeni. Acinai: a Phiri sagundana ndi a Banda. Funso nali: akhala motsatana bwanji?

Poyamba dziwani kuipa kwa kulota. Malo oyamba akhoza kukhalapo ali yense mwa asanuwo, aciwiri mmodzi mwa anai otsala, ndipo cimodzimodzi kufikira wotsiriza. Tikaculukitsa 5 ndi 4 ndi 3 ndi 2 tipeza njira 120. Akakhala asanu ndi mmodzi njira zifika 720. Nthawi ya mayeso idzatha musanayese theka lace.

Cifukwa cace lembani timizere tisanu, ndi manambala 1 kufikira 5 kuyambira kumanzere. Mutatero werengani mau onse, ndi kusankha amene akhomera munthu pa malo amodzi okha. Musayambe ndi mau oyamba cifukwa cakuti ndi oyamba: iwo angotiuza kumene a Mwale kulibe. Mau olimba ndi acitatu. Lembani a Banda pa 3. Ndi cinthu cimodzi comweci njira 120 zija zatsika kufika 24.

Kenaka funani anthu omangidwa pamodzi. A Nkhoma ndi a Phiri muwayese mtolo umodzi wosamasuka, a Nkhoma kumanzere, a Phiri kumanja. Mtolowu ufuna malo awiri ogundana, ndipo popeza a Banda atseka pakati, ukhoza kulowa pa 1 ndi 2, kapena pa 4 ndi 5. Apa ndipo ambiri asocera, pakuti asankha njira imene yawakomera m'maso. Inu lembani zonse ziwiri, ina pansi pa inzace.

Tsopano mau okana aja agwira nchito. M'njira yoyamba a Phiri ali pa 2, mogundana ndi a Banda, ndipo mau acinai aletsa zimenezi. Ifafanizeni. M'njira yaciwiri a Nkhoma ali pa 4, a Phiri pa 5. Patsala malo 1 ndi 2, ndipo popeza a Mwale sali kumapeto, atenga 2, a Mbewe natenga 1. Mzere wathu ndi uwu: a Mbewe, a Mwale, a Banda, a Nkhoma, a Phiri. Musanaike pensulo pansi, bwererani ku mau onse anai, ndi kuyesa yankho pa ali onse.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa kumene anthuwo apenya. Akatipenya ife, monga acitira pojambulitsa cithunzi, dzanja lao lamanja liri kumanzere kwathu, ndipo mzere wonse utembenuka. Waciwiri ndi wa mau akuti "mogundana". Funso likangoti munthu ali kumanja kwa mnzace, pakati pao pakhoza kukhala ena awiri kapena atatu.

Nali funso lanu. Amuna anai akhala pa mzere, ife tiri kumbuyo kwao. Wa ku Shurugwi ali kumapeto a kumanzere. Wa ku Zvishavane ali kumanja kwa wa ku Kwekwe, mogundana naye. Wa ku Redcliff sagundana ndi wa ku Shurugwi. Kodi pa malo acitatu pali ndani? Liyeseni madzulo ano pamodzi ndi ana a sukulu, ndipo ali yense anene cifukwa ca yankho lace.