Ndulu Yachotsedwa, Koma Zotsatira Mwaziona?

Ntchito yanga ndi maopaleshoni a m'mimba, ndipo funso limene limandiwawa kwambiri ndi ili: "Adokotala, ndulu munachotsa yonse, nanga khansayi yachokera kuti?"

Kuyambira 1985, pamene Erich Mühe wa ku Germany anachotsa ndulu koyamba osang'amba mimba, opaleshoni ya timabowo yafala kwambiri. Timaboola malo anayi, n'kulowetsa kamera ndi zida zazitali, ndulu n'kutulukira pakabowo kamodzi, kawirikawiri pamchombo. Wodwala amachira msanga, ndipo njirayi ndimaikhulupirira.

Chovuta n'chakuti khansa ya ndulu imabisala. Ambiri timawachita opaleshoni chifukwa cha miyala, khansayo n'kudzadziwika pambuyo pake, ndulu itapimidwa kulabotale. Sizichitika kawirikawiri, koma ngati ndulu yotereyi inabooka poichotsa, madzi ake n'kutayikira m'mimba, maselo a khansa amamwazika ngati mapira otayika pabwalo. Amamera pachiwindi, pakhungu lokuta matumbo, ngakhale pachipsera cha kabowo. N'chifukwa chake ndulu timaitulutsa itaikidwa m'kathumba, ndipo tikaikayikira tisanayambe, timakonzekera opaleshoni yaikulu.

Khansa ikakhala pamwamba chabe mkati mwa ndulu, kuchotsa kuja n'kokwanira. Ikaloŵa mumnofu wa nduluyo, pamafunika opaleshoni yachiŵiri: kudula mbali ya chiwindi pamene ndulu inagona ndi kuchotsa anabere apafupi. Nthaŵi yabwino ndi masabata 4 mpaka 8 chichitikireni yoyamba.

Apa m'pamene mtunda umatilanda anthu. Mayi wa ku Etatara ayenera kufika kaye ku Cuamba, kenaka ulendo wautali wa ku Nampula. Wa ku Ngauma kapena Mandimba amalunjika ku Lichinga, mwina kudutsa pa Chiponde kuloŵa m'Malawi. Akabwerera kwawo mabala atapola, ululu utatha, kumunda kukudikira, ndani angawonongenso ndalama kukatenga pepala la zotsatira za kulabotale? Sindimuimba mlandu mayiyu. Ife madokotala ndi amene tiyenera kumufotokozera asanatuluke kuti pepalalo ndi gawo la chithandizo.

Choncho musanachoke m'chipatala, funsani ngati ndulu yanu yatumizidwa kukapimidwa, ndiponso tsiku lotuluka zotsatira. Siyani nambala ya foni imene imagwiradi, ngakhale ya m'bale wanu. Mukaona kachotupa kolimba pachipsera, maso achikasu, mimba kufufuma kapena kuonda kosadziŵika chifukwa, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani kuchipatala cha Cuamba kapena chilichonse chapafupi, mutatenga mapepala onse a opaleshoni ija.