Njere za dahlia sizitsata make

Alimi anzathu amene mumagulitsa maluwa a nkhata ndi a paukwati, musadabwe mukafesa njere za dahlia woyera n'kutuluka maluwa ofiira kapena achikasu. Palibe wakulodzerani dimba ayi. Duwali, lomwe kwawo ndi ku Mexico, limasakanikirana msanga chifukwa njuchi zimachotsa mungu pa duwa ili n'kukausiya pa lina. Choncho njere iliyonse imabereka mtundu wakewake.

Komabe njerezi n'zaulere, ndipo mwa mbande zambiri mutha kupezamo duwa lokongola loti mnzanu alibe.

Siyani maluwa angapo osathyola. Akayoyoka, kamutu kotsalako kakhwimire pamtengo pomwepo kwa masabata 4 mpaka 6, kufikira katauma n'kuoneka kofiirira. Mvula ikachuluka, dulani timituto mukatipachike pamthunzi podutsa mphepo kuti tisawole. Tikauma fikisani m'manja. Njere zabwino ndi zakuda, zazitali ndiponso zolimba mukazitsina. Zopyapyala zotuwa ndi mankhusu chabe, tayani. Sungani mu envelopu pamalo pouma, osati m'pepala la pulasitiki, chifukwa mumachita chinyezi ndipo njere zimagwira nkhungu. Mukafesa pa nazale zimamera pakatha sabata imodzi kapena awiri.

Koma ngati wokwatitsa wakuuziranitu kuti adzafuna maluwa oyera okhaokha, musadalire njere, mungadzataye kasitomala. Kumbani mizu yake yonga mbatata ija masamba akauma, muigawe. Chigawo chilichonse chikhale ndi diso pakhosi pamene chalumikizana ndi tsinde, popeza chopanda diso sichiphuka.